Madontho Khumi ndi Asanu ndi Awiri

Mlandu wa mafuta unayamba Lachinayi masana, amayi a mpingo atangotsiriza nyimbo yachiwiri. A Emelda Nyakaonga, mkhalapampando wa bungwe la amayiwo, anaimirira ndi kutulutsa botolo m'chikwama. Analiika patebulo mosamala ngati mfuti yolandidwa kwa wakuba.

"Amama, nunkhizani," anatero. "Aliyense anunkhize ndi mphuno yake, asabwereke ya mnzake."

Botolo linayenda benchi ndi benchi. Wina anati likununkhira mandasi. Wina anati tchipisi cha padepoti. Gogo wina anati iye chimfine chinamutseka kuyambira mwezi wa Meyi, koma akugwirizana ndi onse.

Mpingo umenewu, womwe unali kumunsi kwa msika wa pa Chitipa boma, unali ndi mwambo wake. Lamulungu lomaliza la mwezi wa Julayi abusa ankadzoza mafuta pamphumi pa odwala ndi okalamba, ndipo lamulo linkati mafutawo akhale a azitona monga zilili m'Baibulo. Chaka chimenecho Mayi Justina ndiwo anadzipereka kubweretsa mafuta. Iwo anali ochokera ku Balaka. Anafika ku Chitipa matipate atangoyamba, katundu wa ku Tanzania atayamba kusefukira, ndipo anatsegula golosale pafupi ndi depoti. M'golosalemo munali mabotolo ochokera ku Tunduma okhala ndi chithunzi cha nthambi yobiriwira, ndipo pansi pa nthambiyo panalembedwa kuti mafutawa ndi osakaniza ndi azitona. Anapereka botolo limodzi kumpingo ngati mphatso, nanena pamaso pa anthu kuti muli azitona.

"Muno mulibe zitona ngakhale wa mankhwala," anatero a Nyakaonga. "Ine mpendadzuwa ndimalima ku Wenya, fungo lake ndimalidziwa ngati la mwana wanga. Mnzathuyu wanamiza mpingo."

Kunamiza mpingo sinali nkhani yamasewera. Mayi wopezeka wolakwa ankavulidwa yunifolomu kwa chaka chathunthu, bulauzi yoyera ndi duku lomwe, ndipo ankakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa ndi ana olira. Mayi Justina anali atavala yunifolomu yawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lachitatu lililonse ankaisita ndi simbi ya makala, ndipo tsiku limenelo sankalola munthu kukazinga nsomba pafupi ndi nyumba yawo. Abusa Msukwa anati nkhaniyo idzaweruzidwa Loweruka la sabata yotsatira, kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike.

M'mawa mwake kugolosale kunafika a Safeli Simkonda. Bamboyu anali wa ku Misuku, ndipo anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu mu labotale ya sukulu ina ya sekondale, kutsuka timabotolo ta galasi ndi kukonzera aphunzitsi mankhwala. Atapuma ntchito anthu anangowatcha a Sayansi. Akazi awo anamwalira kalekale. Kwa zaka ziwiri tsopano ankabwera kwa Mayi Justina tsiku lililonse kudzagula bokosi limodzi la machesi, moti kunyumba kwawo kunali machesi okwana kuotcha nkhalango yonse ya Mughese. Anali atafunsira katatu, ndipo katatu konse yankho linali lakuti, "Ndikaganize."

"Mwaghona, mayi?" anapereka moni wa kwawo.

"Sindinagone, a Simkonda. Tengani machesi anu muzipita."

"Ndamva za botolo."

"Boma lonse lamva. Ngakhale anyamata a njinga zamoto akundifunsa kuti, 'Amayi, bei ya zitona lero ndi ndalama zingati?'"

A Simkonda anavula chipewa, natsamira pakauntala. "Mphuno si umboni, mayi. Mphuno ya a Nyakaonga sinapite kusukulu. Mafuta amayezedwa."

"Ndani angayeze kuno? Kuchipatala?"

"Mwati?" A Simkonda anatembenuza mutu. Khutu lawo lakumanzere linali ndi vuto lotsekeka.

"Ndati ayeza ndani!"

"Ine," anatero, akudziloza pachifuwa ndi bokosi la machesi.

Masana a tsiku lomwelo Mayi Justina anatseka golosale ndi kupita pakhonde pa a Simkonda atanyamula botolo lina la mtundu womwewo. Anapeza tebulo layalidwa nyuzipepala. Panali timabotolo ta galasi tisanu timene sukulu inataya koma a Simkonda sanataye, sipiriti woyera, kabotolo ka ayodini wopaka pazilonda, kodonthezera mankhwala a m'maso, ndi poto wa madzi ofunda. Mwini wake anali atavala jasi loyera lomwe mabatani ake atatu anali osiyana mitundu.

"Mverani bwino, mayi, chifukwa sayansi sibwereza," anayamba. "Mafuta alionse ali ndi njala ya ayodini. Mukadonthezamo, iwo amameza mtundu wofiirirawu n'kukhalanso oyera. Mukapitiriza, imafika nthawi amakhuta, ndiye mtundu uja umakhala osachoka. Koma njala zawo n'zosiyana. Ena ndi adyera. Ena amadya mwaulemu ngati mlendo."

"Nanga anga?"

"Dekhani. Tiyambe ndi odziwika."

Anathira supuni imodzi ya mafuta a mpendadzuwa, oyengedwa pamakina a kuseri kwa msika, nawasungunula mu sipiriti. Anaviika kabotolo m'madzi ofunda, n'kuyamba kudontheza. Dontho lililonse ankaliwerenga mokweza, kugwedeza kabotolo, ndi kuliyang'ana padzuwa atatsinzina diso limodzi. Mpendadzuwa unameza madontho makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

"Mwaona? Wadyera ameneyu."

Kenako analowa m'nyumba ndi kutuluka ndi kabotolo kakang'ono ngati chala chachikulu. Anali mafuta enieni a azitona, amene mwana wawo Tawonga, namwino ku Mzuzu, anawagulira kusitolo ya mankhwala kuti azidontheza m'khutu lija kawiri pasabata. Anathira supuni imodzi mtima ukuwawa. Azitona anakhuta pa dontho la khumi ndi asanu ndi awiri.

"Tsopano nkhani yaphweka," anatero a Simkonda, akujambula mzere panyuzipepala. "Kuno mpendadzuwa, makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Uku azitona, khumi ndi asanu ndi awiri. Mafuta anu ndi osakaniza awiriwa, choncho agwera pakati. Akayandikira kuno, azitona ndi ochepa. Akayandikira uku, ndi ambiri. Akafika makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, mayi, ndiye kuti mulibe kanthu, ndipo ine ndidzakupezerani kapilo ka pa benchi ya kumbuyo."

"Yezani, musandiseke."

Anayamba. Pa dontho la khumi Mayi Justina anali akupemphera chamumtima. Pa la khumi ndi asanu anagwira duku. Pa la khumi ndi asanu ndi awiri mtundu wofiirira unakhala, osachoka.

A Simkonda anagwedeza kabotolo. Anakaviikanso m'madzi. Anatuluka nako pabwalo. Mtundu unalipobe. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, ndipo yankho linali lomwelo.

"Mayi," anatero, "mafuta anuwa ndi azitona okhaokha. Mulibe mpendadzuwa ngakhale dontho."

"Koma pabotolo alemba kuti gawo limodzi mwa magawo khumi."

"Ndi anthu odzichepetsa a kufakitaleyo. Alipo amalonda oopa Mulungu."

Anang'amba pepala pakati pa kope, nalemba chikalata ndi zilembo zopendekera bwino: kuti iye, S. Simkonda, wayeza mafuta a Mayi Justina mwa njira ya ayodini ndipo wapeza kuti ndi azitona enieni. Anasaina, najambula mizere iwiri pansi pa dzina. Mayi Justina anachimata pakhoma la golosale, pamwamba pa sopo.

Lolemba m'mawa a Nyakaonga anafika pakhonde paja nkhope ili gwa, atanyamula mafuta m'botolo la chakumwa lotsekedwa ndi chitsononkho.

"Mwawuka uli, adada a Sayansi?"

"Tawuka makora, amama. Khalani pampando."

"Sindikhala. Ndamva kuti muli ndi madontho odziwa Baibulo. Yezani awa."

"Achokera kuti?"

"Madontho anu akuuzani. Si paja ndi anzeru?"

Cholinga chawo chinali choti awatchere msampha. Mafutawo anali awo omwe, amene ankagulitsa pakhomo m'timabotolo, ndipo ankadziwa bwino kuti mtengo wa azitona sanauonepo chibadwire. A Simkonda anavala jasi, nafunditsa madzi, n'kuyamba kuwerenga. A Nyakaonga anaima manja ali m'chiuno, kuseka kuli pafupi.

"Khumi ndi asanu ndi awiri," anatero a Simkonda.

"Ndiye kuti chiyani?"

"Azitona, amama. Enieni."

A Nyakaonga anatsegula pakamwa kuti aseke ndi kuitana anthu odutsa. Koma kuseka sikunatuluke. Anayang'ana botolo lawo la chitsononkho, analitembenuza, analiyang'ananso. Pang'onopang'ono anakhala pampando uja anaukana.

"Mwati enieni?"

"Ayodini sanama."

"A Simkonda," anatero motsitsa mawu, "mgolo umene ndatungamo mafutawa ndinaupempherera. Mwezi wathawu. Ndinasanjika manja onse awiri."

"Zimenezo sayansi siyeza, amama."

"Ku Kana madzi sanasanduke vinyo kodi? Nanga mpendadzuwa wa ku Wenya walakwa chiyani?" Anaimirira, nafungatira botolo pachifuwa. "Ndilembereni pepala. Likhale lalikulu kuposa la Justina."

Pofika Lachitatu pakhonde pa a Simkonda panali mzere ngati wa kuchigayo. Mayi aliyense anabwera ndi mafuta a kukhitchini kwake. Amene anali ndi mpendadzuwa wa pamakina ankabwerera mwamanyazi, atabisa botolo m'chitenje, anzawo akuwanena kuti, "Awo a twente sikisi, adyera." Koma onse ogula kwa a Nyakaonga ankapeza seventini, ndipo ankatsika masitepe akululutira. Kope la a Simkonda linatha mapepala. A Nyakaonga anadzoza mawondo a amuna awo, amene anayenda mpaka kumsika n'kubwerako atakwera njinga yamoto. Anadzoza chitseko cha nyumba, ndiponso mbuzi imene inkakana kuyamwitsa. Anatumiza chigubu cha malita asanu kwa abusa.

Lachinayi, pamsonkhano wa amayi, a Nyakaonga anachitira umboni kwa mphindi makumi anayi. Pomaliza anapita pamene panakhala Mayi Justina ndi kuwakumbatira. "Mdumbu wanga mwa Ambuye, mchemwali wanga weniweni, tonse ndife a seventini," anatero. Aliyense anaona kuti mlandu watha. Loweruka kunangotsala kukawerenga chikalata pamaso pa akulu a mpingo ndi kutseka ndi pemphero. Madzulo ake Mayi Justina anapatsa a Simkonda mabokosi awiri a machesi, nati lachiwirilo ndi basera.

Koma a Simkonda anali ndi mtima wofuna kudziwa. Ngati mpendadzuwa wa ku Wenya ukubala azitona, ndiye kuti m'dothi la kumeneko muli chinthu chimene dziko liyenera kumva. Lachisanu m'mawa anatenga kathumba kotengera dothi ndi kupita kwa a Nyakaonga kukafunsa njira ya kumunda kwawo. Anawapeza kuseri kwa nyumba, akuimba nyimbo, akuthira mafuta mumgolo ndi jagi. Kumanja kwawo kunali chigubu cha mpendadzuwa. Kumanzere kunali chidebe chachikasu cha ku Tanzania.

"Amama, m'chidebemo muli chiyani?"

"Mafuta a ku Isongole. Mpendadzuwa wokha sukwanira chaka, ndiye timaonjezera. Majagi atatu a m'chidebe, awiri a kumunda. Mukapitirira apo amagwirana m'nyengo yozizira, anthu amadandaula."

"Atatu ndi awiri," anabwereza a Simkonda.

"Kenako pemphero."

"Mungandigawireko supuni imodzi ya m'chidebe?"

Za dothi anaiwala. Anafika kunyumba ali wefuwefu, osavala ndi jasi lomwe. Mafuta a m'chidebe anakhuta pa dontho la khumi ndi limodzi. Anali mafuta a mawese, zipatso za mtengo wonga kanjedza, oyeretsedwa kufakitale, osadya kwambiri kuposa azitona amene. A Simkonda anatola kamtengo ndi kuwerengera pansi. Majagi atatu a khumi ndi limodzi, majagi awiri a makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, kuphatikiza, kugawa pasanu. Yankho linawayang'ana kuchokera m'fumbi: khumi ndi asanu ndi awiri. Wadyera ndi wosadya akakhala mbale imodzi, mbaleyo imatha ngati yadyedwa ndi munthu waulemu.

Anatenga botolo la Mayi Justina ndi galasi lokulitsa zinthu. Kumbuyo kwa botolo, pansi penipeni, kunali timalemba ta Chiswahili tating'ono ngati mazira a nyerere: mawese, alizeti, zeituni. Mawese, mpendadzuwa, azitona. Mafuta atatu. Iwo pa mzere wawo uja anaikapo awiri okha.

Anakhala pansi nthawi yaitali ndithu. Nkhuku inabwera n'kufukula masamu aja, koma iwo anali atawaloweza kale.

Anapeza Mayi Justina kugolosale akusanja katundu pamashelefu, bulauzi yoyera itapachikidwa pakhomo la kuchipinda m'pepala la pulasitiki, yokonzekera Lamulungu. Anafotokoza zonse, kuyambira jagi mpaka timalemba. Mayi Justina anamvetsera atanyamula paketi ya mchere, osaiika pansi.

"Ndiye mukuti m'botolo langa mulibe azitona?"

"Sindikutero. Mwina alimo, mwina mulibe. Madontho anga sangathe kusiyanitsa."

"Wina akudziwa zimenezi?"

"Nkhuku yokha."

"Basi. Nkhuku siyankhula ku seshoni ya akulu a mpingo. Inunso mawa mukawerenge pepala lanu, mukhale pansi."

"Sindingathe, mayi."

"Wakufunsani ndani? A Nyakaonga akhutira. Abusa akhutira. Mbuzi yayamba kuyamwitsa. Mukufuna chiyaninso?"

"Dzina langa lili pa mapepala makumi atatu ndi anayi. Lamulungu abusa adzapaka anthu okalamba mafuta a mandasi chifukwa cha siginecha yanga."

"Khalani chete mpaka Lolemba. Lolemba mukalape."

"Mwati?"

"Musandinamize ndi khutu, mwamva bwinobwino!" Paketi ya mchere inatera pakauntala. "Zaka naintini, a Simkonda! Sindinapsereze ndi kolala yomwe. Munabwera nokha ndi timabotolo tanu, ine sindinakuitaneni. Mwandikweza mumtengo, lero mukuchotsa makwerero?"

A Simkonda anazunguza chipewa m'manja. "Zaka zonse zija ndinkauza ana a sukulu kuti alembe chimene aona, osati chimene aphunzitsi akufuna. Ena ndinkawatsina makutu."

"Bwezani machesi a basera aja."

Anabweza.

Loweruka masana, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi munadzaza. Abusa Msukwa anakhala kutebulo ndi akulu a mpingo anayi. Amayi anadzaza mabenchi, ena anasuzumira pawindo. Mayi Justina anakhala kutsogolo atavala chitenje wamba, maso ali pakhoma. Abusa atapempha chikalata, a Simkonda anabwera ndi katoni m'malo mwa pepala, nayamba kuyala timabotolo patebulo la seshoni.

"Abusa ndi akuluakulu, ndisanawerenge kanthu, ndikufuna ndikupangireni azitona."

Anaonetsa mpendadzuwa, onse ananunkhiza ndi kuvomereza. Anaonetsa mafuta a m'chidebe, onse anawadziwa. Anathira masupuni atatu a awa ndi awiri a awo m'kapu, navundula, natengako supuni imodzi. Popeza sabata yonse amayi anali ataphunzira mwambo wake, anawerenga nawo mokweza ngati ana a sitandade wani. Pa seventini mtundu unakhala.

"Sindinapemphere," anatero a Simkonda. "Ndangovundula."

Anafotokoza za wadyera ndi wosadya. Ananena kuti kulakwa n'kwawo, chifukwa anayeza mafuta atatu ndi muyeso wa mafuta awiri, ndipo mapepala onse amene analemba ndi oyenera kuyatsira mbaula.

A Nyakaonga ndiwo anayamba kutsitsimuka. Anaimirira chitenje chikugwa. "Ndiye kuti ndinanena zoona poyamba paja! Mphuno yanga sinaname! Abusa, mlandu uli pomwe unali. Justina ananamiza mpingo, avule!"

Phokoso linabuka. Abusa anagogoda tebulo ndi chivundikiro cha cholembera, chomwe sichinamveke. Apo Mayi Justina anaimirira, ndipo anthu anatonthola kuti amve kulira. Koma sanalire.

"Abusa, ine ndinanena pamaso pa mpingo kuti m'botolo muli azitona. N'zoona. Ndinakhulupirira pepala la pabotolo." Anatembenuka. "A mkhalapampando, Lachinayi lapitali munaima pati?"

"Zimenezo n'zina."

"Munaima pagome, mphindi fote. Munati mgolo wanu wasanduka. Munakhulupirira pepala la m'kope. Langa lija linali ndi chithunzi chomwe."

Pawindo wina anaseka, n'kudzibisa.

"Ine ndinapereka botolo limodzi," anapitiriza Mayi Justina. "Kunyumba kwa abusa kuli malita asanu. Sindinabweretse ine. Ngati wonena za azitona molakwa avula, ine ndivula. Koma tikavulire limodzi, mdumbu wanga mwa Ambuye. Si paja tonse ndife a seventini?"

Abusa Msukwa anatsokomola. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo chigubu chija akazi awo anali atayamba kale kukazingira mazira. "Tiyeni tione kukula kwa nkhaniyi," anatero. "Amayi amene sabata ino mwauza munthu wina aliyense kuti mafuta anu ndi azitona, kwezani dzanja. Kumbukirani kuti muli m'nyumba ya Mulungu."

Manja anakwera mmodzimmodzi, ena mpaka paphewa pokha. Mkulu wina wa mpingo anawerenga, napeza makumi awiri ndi atatu, kuphatikizapo la akazi ake. Gogo wa chimfine uja anakweza onse awiri.

"Benchi ya kumbuyo imakwana anthu angati?" anafunsa abusa.

"Asanu ndi mmodzi, abusa. Akakhala oonda."

"Nanga mawa aimba ndani?"

A Nyakaonga anatola chitenje chawo ndi kukhala pansi, akunena chapansipansi kuti mbuzi yokha ndiye inachira ndithu.

Akulu a mpingo anagundanitsa mitu kwa kanthawi. Chigamulo chinali chakuti kukhulupirira pepala si bodza koma kufulumira, ndipo kufulumira sikuvulitsa yunifolomu. Kenako abusa anatembenukira kwa a Simkonda.

"Tsono a Sayansi, m'botolo la Mayi Justina muli azitona ochuluka bwanji?"

"Sindikudziwa, abusa. Ku Blantyre kuli makina amene amatenthetsa kadontho ka mafuta n'kulekanitsa zonse zili m'katimo, chilichonse pachokha, ndi kulemba kuchuluka kwake. Amenewo mawese sangawapusitse. Tingatumize botolo pa basi."

"Yankho lingabwere mawa lisanafike?"

"Mwina Khirisimasi isanafike."

"Ndiye mawa ndidzoza ndi chiyani?" Abusa anayang'ana timabotolo tonse patebulo. "Taimani. Seventini yoyambirira, yeniyeniyo, munaipeza pa mafuta ati?"

A Simkonda anagwira thumba la malaya. "Amenewo ndi a khutu, abusa."

"Ndi azitona?"

"Enieni. Koma ndi a khutu. Tawonga anati kawiri pasabata, osadumphitsa."

Abusa anatambasula dzanja. Amayi makumi awiri ndi atatu anayang'ana a Simkonda. Kabotolo kanatuluka m'thumba pang'onopang'ono ngati dzino.

Lamulungu abusa anadzoza anthu makumi anayi ndi kabotolo kaja, akukhudza pamphumi ndi nsonga ya chala chaching'ono, ndipo womaliza anangolandira fungo. Amayi anaimba onse ali mbuu kuyera. Mayi Justina anali mzere woyamba, kolala ili chilili ngati lata. A Simkonda anakhala okha pa benchi ya kumbuyo, osati chifukwa cha chilango, koma chifukwa amayi a twente sikisi ndi a seventini omwe anali asanawakhululukire.

Potuluka anthu anaunjikana pakhomo kupatsana moni. Mayi Justina anadutsa pafupi ndi a Simkonda, kumbali ya kumanzere, nayankhula motsitsa mawu akuyang'ana kwina.

"Mwati?" anafunsa a Simkonda.

Mayi Justina anabwereza, mokwezako pang'ono.

"Pepani mayi, khutu ili lagona ndi njala. Mwati machesi?"

Mayi Justina anakonza duku lawo loyera, napuma mpweya wonse umene amaimbira nyimbo za Pasaka.

"Ndati ndaganiza! Tumizani ankhoswe anu! Koma timabotolo tanuto m'khitchini mwanga musadzalowe nato!"

Anamva abusa, anamva a Nyakaonga, anamva ndi anyamata a njinga zamoto kumsewu. A Simkonda anamvanso, ndipo anavula chipewa.